Mafayilo a timiyala ta mu impso akamabwerera: pokonza ndi pati?

Pa tebulo la kalaliki wa marekodi pali mafayilo amene amapita n'kubweranso, ndipo a odwala timiyala ta m'njira ya mkodzo sasowapo. Ina yabwezedwa ndi a maakaunti chifukwa a medical aid akana claim. Ina yabwera ndi a HMIS, a ofesi yosunga ziwerengero za chipatala, akuti chiwerengero cha mwezi sichikugwirizana ndi rejisita ya ku fiyeta. Ina yafika ndi funso la dokotala amene walandira wodwala ndi kalata ya referral yosanena mbali imene mwala uli.

Munthu angaganize kuti makhodi ake ndi ambiri. Ayi ndithu. Mu ICD-10, buku la makhodi a matenda la bungwe la WHO, mwala wa mu impso ndi N20.0, kuphatikizapo wa nthambinthambi uja madokotala amati staghorn. Wa mu ureter, kapaipi kotsitsa mkodzo kuchoka ku impso kupita m'chikhodzodzo, ndi N20.1. Ukapezeka konse kuwiri ndi N20.2, ndipo pamene malo sanatchulidwe ndi N20.9. Wa m'chikhodzodzo ndi N21.0, wa mu urethra, njira yotulutsira mkodzo kunja, ndi N21.1. Ululu wa renal colic wokha uli pa N23. Kupatula awa pali N22, N13.2 ndi N13.6, ndipo atatu amenewa ndi amene amagwetsa anthu. Onse pamodzi amakwana pa kapepala kamodzi, n'chifukwa chake m'maofesi ambiri kapepalako kamamatidwa pakhoma. Koma kapepala ka pakhoma sikakhala ndi mizere ya Incl. ndi Excl., yonena zimene khodi yaphatikiza ndi zimene yapatula, imene ili mu Volume 1 ya bukulo, chonsecho nkhani yonse ya timiyala yagona m'mizere imeneyo komanso m'chiganizo chimodzi chimene dokotala analemba potulutsa wodwala.

Yambani mwaona buku limene muli nalo

Musanakangane ndi aliyense, tsimikizani kuti nonse mukuwerenga buku limodzi. ICD-10 ya WHO inavomerezedwa mu 1990 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994. Dziko la America lili ndi yakeyake, ICD-10-CM, imene inayamba pa 1 October 2015, ndipo mukafufuza khodi pa Google imene imatulukira pamwamba nthawi zambiri ndi imeneyo. Pa N20 ndi N13.2 mabuku awiriwa amafanana, moti munthu atha kugwira ntchito nthawi yaitali osadziwa kuti akutunga ku buku la eni. Amadzazindikira tsiku limene kompyuta yakana Z87.442 kapena R31.9. Ku WHO kulibe makhodi amenewo: mbiri ya matenda a njira ya mkodzo ndi Z87.4 basi, magazi mu mkodzo ndi R31 yopanda kadontho. Mbali inayi, N22.0 ya likodzo ili ku WHO koma ku America kulibe. Choncho kompyuta ikati khodi ndi yosadziwika, musathamangire kwa a IT. Werengani kaye manambala. Ngati pa makhodi a timiyala awa pambuyo pa kadontho pali manambala awiri kapena atatu, n'kutheka kuti mwatenga ya ku America, koma ngakhale ya nambala imodzi ngati R31.9 ikhoza kukhala ya kumeneko. Ngati scheme ya medical aid imene mukutumizako claim ili ndi mndandanda wakewake, pemphani akupatseni molemba, musamve za pafoni.

Zonse zikuthera pa N20.9 ndi N23

Vuto limeneli silibweza fayilo nthawi yomweyo, koma limawononga lipoti mwakachetechete. Pakutha pa chaka mumapeza kuti odwala ambiri ali pa makhodi awiri osanena kanthu, pamene ku fiyeta anachotsa miyala m'zikhodzodzo ndi m'ma ureter odziwika bwino.

Gwero lake ndi ulendo wa wodwala. Munthu amene wagonekedwa ku Mzuzu Central Hospital, chomwe ndi chipatala cholandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a kumpoto, amakhala atadutsa m'manja ambiri. Pa health centre analemba mu health passport kuti loin pain. Ku chipatala cha boma lake, kaya ndi Rumphi, Karonga kapena Nkhata Bay, analemba renal colic, anamubaya diclofenac. Sikani inachitika atafika kuno. Aliyense analemba zimene anaona tsiku lake, palibe analakwa. Kulakwa kumabwera kalaliki akatenga mawu a patsamba loyamba, a tsiku logonekedwa, n'kuwapatsa khodi. Lamulo la mu Volume 2, gawo la malangizo la ICD-10, likuti matenda aakulu a fayilo ndi amene adziwika pamapeto pa chithandizo, amene kwenikweni anachititsa kuti munthu athandizidwe kapena ayezedwe. Ndiye werengani kuchokera kumapeto: discharge summary, kenako zolemba za opaleshoni ngati inachitika, kenako za ward round zomaliza.

Pali lamulo lina laling'ono lotchedwa MB3 limene limathandiza pano. Dokotala akalemba chizindikiro ngati matenda aakulu, pamene m'fayilo momwemo watchula matenda amene anayambitsa chizindikirocho n'kuwachiza, mumasankha matendawo. Renal colic pamwamba, left ureteric calculus pansi pake: khodi ndi N20.1, ndipo N23 simuiwonjezera chifukwa ululuwo ndi wa mwala womwewo. Chimodzimodzi R31, magazi mu mkodzo. Komatu N23 si khodi yochititsa manyazi. Wodwala wa ku OPD amene wabwera akugubuduka ndi ululu wochokera m'nthiti kutsikira kumaliseche, wabayidwa jakisoni, wapeza bwino n'kupita kwawo asanajambulidwe, dokotala n'kulemba renal colic, ameneyo ndi N23 weniweni. Kumukweza pa N20.0 chifukwa choti mukudziwa kuti renal colic imabwera ndi mwala n'kupeka.

N20.9 ndiyo ndilibe nayo chifundo. Ngati munthu anajambulidwa ndipo mwala unaoneka, unaoneka pamalo penapake. Khodi imeneyi pa fayilo yokhala ndi lipoti la sikani ikungotanthauza kuti palibe anapita kukafunsa.

Impso yatupa koma khodi ikadali N20

Apa ndi pamene ma claim ambiri amagwera, ndipo ndikhalitsapo. Pansi pa mutu wa N20 pali mzere wa Excl. wonena kuti mwala umene wabwera ndi hydronephrosis upite ku N13.2. Hydronephrosis ndi kutupa kwa impso chifukwa mkodzo ukulephera kutsika, monga momwe madzi amabwererera m'ngalande ya ku Chiputula jumbo ikatseka kalavati nthawi ya mvula. N13.2 yanyamula zonse ziwiri, mwala ndi kutupa. Choncho mwala womwewo simuupatsanso N20.1 pambali, ndipo simuphatikiza N20.1 ndi N13.3, ya hydronephrosis payokha, ngati kuti ndi matenda awiri osadziwana. Makompyuta ena a ma scheme amakana okha akaona N20 ndi N13.2 pa fomu imodzi.

Tiyerekeze fayilo ya bambo wochokera kunyanja. Lipoti la sikani likuti impso ya kumanja ili ndi moderate hydronephrosis, pali mwala wa 7 mm pa VUJ (polumikizana ureter ndi chikhodzodzo) ya kumanja, ndi kena ka 4 mm m'munsi mwa impso ya kumanzere kosatseka kanthu. Pa discharge summary, yolembedwa mothamanga Lachisanu masana, pali mawu awiri okha: kidney stones. Kalaliki wofulumira alemba N20.0 n'kutseka fayilo. Wochenjera pang'ono aona miyala iwiri n'kulemba N20.2. Wochenjera mopitirira awerenga lipoti la sikani n'kudzilembera yekha N13.2. Onse atatu alakwitsa, ngakhale wachitatuyo wagwera pa khodi imene mwina ikhala yoona. Lipoti la sikani ndi umboni, si diagnosis. Amene amaika dzina la matenda ndi amene anathandiza wodwala. Chofunika ndi kunyamuka ndi fayilo, chala chili pa lipotilo: "Adokotala, pepani ndikusokonezeni pang'ono. Pa summary mwalemba kidney stones, koma a sikani aona hydronephrosis kumanja ndi mwala pa VUJ. Final diagnosis tiisiye momwemo, kapena muwonjezerapo?" Akalemba right ureteric calculus with hydronephrosis, N13.2 yalowa ndi dzanja la mwini wake.

Nanga kamwala ka kumanzere kaja? Kalibe kutupa, ndiye mzere wa Excl. sukukakhudza. Kuona kwanga, ngati dokotala wakatchula pa mndandanda wa matenda, kakhoza kulowa ngati N20.0 pa malo a matenda ena, N13.2 ikhale yaikulu. Kompyuta ikakana awiriwo pamodzi, siyani N13.2 yokha, mbali zonse ziwiri muzilembe m'mawu pa fomu. Chimene simuchita ndi kuchotsa N13.2 kuti N20.0 idutse, chifukwa mukatero fomu ikunena za kamwala kongokhala phee mu impso pamene bilu ikunena za kugonekedwa, CT ndi stent (kapaipi koikidwa mu ureter kuti mkodzo uzitsika). Woyang'ana claim akaona kusiyana kumeneko amabweza, ndipo amakhala akukhoza.

Samalaninso ndi mawu a ojambula. Ena salemba hydronephrosis, amalemba dilated pelvicalyceal system, ena back pressure changes, ena mild fullness. Kumasulira mawu amenewa si ntchito ya ku marekodi. Mwinanso impso yatupa koma mwala sunatseke: ureter inapanikizika ndi chipsera, zimene zimachitika kwa anthu amene anadwala likodzo nthawi yaitali, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. N13.2 imafuna kuti dokotala alumikize ziwirizo, kuti kutupako kwabwera chifukwa cha mwala.

Pali kutentha thupi ndi mafinya

Mwala wotseka ureter ukakumana ndi tizilombo, nkhani yasintha, kwa wodwala ndi kwa wolemba khodi yemwe. Kwa wodwala ndi ngozi yosadikira m'mawa: impso imafunika kutsegulidwa msanga ndi JJ stent kapena nephrostomy (kapaipi kotulutsa mkodzo mu impso kudzera pamsana), maantibayotiki okha sakwanira. Pa khodi, N13.2 ili ndi Excl. yakeyake yotumiza ku N13.6, pyonephrosis. Ambiri amaganiza kuti N13.6 imadikira mawu akuti pyonephrosis enieniwo. Buku la WHO likuti matenda onse a pa N13.0 mpaka N13.5 akakhala ndi infection amalowa pamenepo, komanso obstructive uropathy with infection. Choncho dokotala akalemba infected obstructed kidney due to ureteric stone, simulemba N13.2 ndi N39.0 ya infection ya mkodzo. Mumalemba N13.6. Ngati ku labu anamera tizilombo ndipo dokotala watitchula, wonjezerani khodi yake: B96.2 ya E. coli, B96.1 ya Klebsiella, B96.4 ya Proteus. Proteus musamulumphe. Ndi mmodzi mwa tizilombo timene timapanga miyala ya struvite, ija imakula n'kukhala staghorn, ndipo dokotala wodzaona munthuyo chaka chamawa adzafuna kudziwa zimenezo.

Dipstick yosonyeza leucocytes si infection mpaka dokotala atanena, chifukwa mwala pawokha ukhoza kuchititsa zimenezo. Mawu akuti urosepsis nawo funsani: akutanthauza sepsis yeniyeni, imene ili ndi makhodi ake ku A41, kapena akungonena infection ya mkodzo yokulirapo? Creatinine wokwera sapereka N17 pokhapokha kulephera kwa impso kwalembedwa m'mawu. M'chikhodzodzo zinthu n'zosavuta: N21 yaphatikiza kale cystitis ndi urethritis, ndiye pa mwala wa m'chikhodzodzo wokhala ndi cystitis simuwonjezera N30.

Ureter, urethra ndi malire a chikhodzodzo

Pa dzanja lothamanga ureteric ndi urethral amangooneka ure ndi mzere wokhotakhota. Imodzi ndi N20.1, inayo N21.1. Musalote. Fayilo yomweyo imakupatsani poyambira: ngati patchulidwa kumanja kapena kumanzere, ndi ureter, chifukwa urethra munthu ali nayo imodzi. Ngati wodwala anabwera mkodzo utatsekeratu, catheter ikukana kulowa, mwala n'kumveka ndi chala m'njira yotulukira, ndi urethra. Mukapeza zimenezo pitani mukatsimikize, n'kupempha kuti alembenso m'zilembo zikuluzikulu.

Mwala wa pa VUJ, polumikizana ureter ndi chikhodzodzo, ukadali mu ureter, ndiye ndi N20.1 ngakhale pa chithunzi ukuoneka ngati walowa kale. Ndi pamalo popapatiza pamene timiyala timakonda kukakamira. Wa mu calyx kapena mu renal pelvis ndi wa mu impso. Miyala ikakhala mu impso ndi mu ureter popanda kutupa, khodi ndi imodzi, N20.2, osati N20.0 ndi N20.1 motsatizana. Miyala ya mu impso zonse ziwiri ikadali N20.0 kamodzi, chifukwa makhodi a N20 alibe kumanja kapena kumanzere, ku WHO ngakhale ku America. N'chifukwa chake mbali iyenera kulembedwa m'mawu nthawi zonse. Munthu amene anachotsedwa mwala kumanja mu March n'kudzabweranso ndi wa kumanzere mu August, pa kompyuta amaoneka ngati claim yobwereza, pokhapokha mawu a pa fomu asiyanitse.

Timiyala ta mu prostate ndi N42.0, si N21. Ndipo mawu akuti stones okha pa fayilo ya ku wodi ya maopaleshoni akhoza kukhala a mu ndulu, ku K80, kutali ndi mkodzo. Bambo wachikulire wokhala ndi mwala m'chikhodzodzo chifukwa prostate yakula amafuna makhodi awiri, N21.0 ndi N40, ndipo yaikulu ndi imene inadya chithandizo chambiri ulendo umenewo. Ngati anangochotsa mwala, N21.0 itsogole.

Likodzo

Mabuku ophunzitsa makhodi ochokera kunja amadutsa N22 ndi mzere umodzi. Ife kuno sitingatero, odwala athu ambiri anakulira m'madzi a ku Usisya, Chintheche, Chilumba ndi Likoma, ena m'minda ya mpunga ya ku Karonga. N22.0 ndi mwala wa m'njira ya mkodzo wobwera ndi likodzo, ndipo m'buku ili ndi chizindikiro cha kanyenyezi (*). Khodi ya kanyenyezi siiyenda yokha. Imatsagana ndi ya chizindikiro cha kalupanga (†) yonena matenda oyambitsa, pano B65.0, likodzo la Schistosoma haematobium. Fomu yokhala ndi N22.0 yokha ikabwerera musadabwe. Lowetsani B65.0 kenako N22.0.

Koma pali mbuna ziwiri. Yoyamba ndi kuganizira munthu chifukwa cha kwawo. Kukhala msodzi, kapena kukhala ndi praziquantel mu health passport ya zaka zapitazo, sikusandutsa mwala kukhala N22.0. Ngakhale mazira a likodzo atapezeka mu mkodzo lero, dokotala ndiye anene ngati mwalawo ndi wa likodzolo. Akapanda kulumikiza, mumalemba N21.0 kapena N20 yoyenera, ndi B65.0 payokha.

Yachiwiri imachitika pa X-ray. Mazira a likodzo akakhalitsa m'khoma la chikhodzodzo amauma n'kukhala ndi calcium, ndipo pa chithunzi pamaoneka mzere woyera wozungulira chikhodzodzo. Lipoti limati bladder wall calcification. Kalaliki akaona calc amafika kale pa calculus. Umenewo si mwala, palibe chochotsa m'katimo. Vuto la chikhodzodzo lobwera ndi likodzo lili pa N33.8, la impso ndi ureter pa N29.1, onse a kanyenyezi, onse otsagana ndi B65.0. Palinso timadontho toyera ta m'chiuno totchedwa phleboliths, ta m'mitsempha ya magazi, timene sitifuna khodi ya mkodzo n'komwe.

Kadontho ka funso patsogolo pa diagnosis

Madokotala athu amakonda kulemba ?renal calculus, ndipo ali ndi chifukwa. Sikani ya ultrasound imaona bwino impso ndi kutupa kwake koma imavutika kuona mwala wa pakati pa ureter, chifukwa cha mpweya wa m'matumbo. X-ray ya KUB, yojambula impso, ma ureter ndi chikhodzodzo, imaonetsa miyala ya calcium, yomwe ndiyo yochuluka, koma ya uric acid siioneka. Imene imaona pafupifupi yonse ndi CT yopanda mankhwala obaya, ndipo si aliyense amaifikira. Choncho kalaliki asakayikire diagnosis ya dokotala chifukwa choti waona KUB NAD m'fayilo, kutanthauza kuti pa X-ray sipanaoneke vuto.

Pa khodi, mabuku awiri aja apa amasemphana. Volume 2 ya WHO ikuti chithandizo chikatha matenda akadali oganiziridwa, popanda china chowonjezera kapena wofotokoza, alembedwe ngati otsimikizika. Malamulo a ku America amaletsa zimenezo kwa odwala osagonekedwa, amati lembani chizindikiro. Ndamvapo anthu awiri mu ofesi imodzi akutsutsana pa nkhaniyi, aliyense akukhoza malinga ndi buku lake. Langizo langa n'loti muone mawu aja akuti popanda wofotokoza. Ngati dokotala ali pa wodi, wofotokoza alipo. Kawirikawiri kadontho ka funso kamakhala kotsalira ka tsiku loyamba, kanangokopedwa tsamba ndi tsamba ngakhale sikani itayankha kale. Akalemba chizindikiro n'kupereka zifukwa ziwiri, monga right flank pain, ?stone ?pyelonephritis, lamulo la MB5 likuti tengani chizindikirocho.

Mwala unatuluka, munthu wabwera ku review

Timiyala tosapitirira 5 mm tambiri timatuluka tokha, pamene topitirira 10 mm sikawirikawiri. Ndiye si zachilendo kuti adada ena afike ku kiliniki atakulunga kamwala m'kapepala, ululu unatha sabata yatha. Ulendo umene anabwera ndi ululu, mwala n'kutuluka ali m'manja mwa chipatala, khodi ndi ya mwala. Ulendo wa review umene sikani yapeza kuti mulibe kanthu si N20 ayi. Ndi Z09, kuyezedwa pambuyo pa chithandizo, pamodzi ndi Z87.4. Mukamapitiriza kulemba N20.1 ulendo uliwonse, munthu mmodzi amasanduka odwala anayi mu lipoti, ndipo scheme imayamba kufunsa chifukwa chake mwala womwewo sukutha. Wobwera kudzachotsa kapena kusintha stent mwala utachoka kale ali pa Z46.6. Ngati mwala ukadalimo ndipo ndi umene akuuthandiza, khodi ya mwala ipitirire.

Za stent ndipatukeko pang'ono, ngakhale si za khodi. Tsiku loika ndi tsiku loyenera kuchotsa zilembedwe mu health passport, osati m'fayilo yokha imene imatsala pa shelefu kuno. Munthu akabwerera ku Chitipa kapena ku Euthini, kabukuko ndi kamene amayenda nako. Stent yoiwalika imamera miyala, ndipo kuichotsa pambuyo pake ndi opaleshoni yovuta kuposa yoyamba ija. Ife a ku marekodi timaona summary iliyonse isanasungidwe, ndiye tikaona JJ stent inserted popanda tsiku lobwerera, tibweze fayilo ku wodi wodwala asanatuluke pageti.

Mayi woyembekezera

Apa makhodi a chaputala cha uchembere amatsogola. Mwala umene wasokoneza pakati umalowa pa O99.8, khodi ya mwalawo n'kubwera pambuyo kuti inene matenda enieni. Infection ya mkodzo pa nthawi ya pakati ili ku O23. Kumbukiraninso kuti amayi ambiri oyembekezera impso zimatupako pang'ono, makamaka ya kumanja, popanda mwala uliwonse, ndiye hydronephrosis ya pa sikani ya mayi woyembekezera musaithamangitsire ku N13.2.

Chiganizo chimene tikupempha kwa madokotala

Mukapeza mpata pa handover ya m'mawa, musapite ndi mndandanda wa makhodi, a ku wodi alibe nawo ntchito. Pemphani chiganizo chimodzi pa final diagnosis chonena malo a mwala, mbali yake, kukula kwake mu mm, ngati impso yatupa chifukwa cha mwalawo, ndi ngati pali infection. Mwachitsanzo: left distal ureteric calculus 8 mm with hydronephrosis, no infection. Kukula kwa mwala kulibe khodi, komabe n'kumene kumafotokozera woyang'ana claim chifukwa chimene wina anangopatsidwa tamsulosin n'kuuzidwa kumwa madzi ambiri pamene wina analowa ku fiyeta. Ngati choyambitsa chadziwika, monga gout, hyperparathyroidism kapena likodzo, achilumikize ndi mawu akuti due to. Ndipo mawu oti no infection kapena no hydronephrosis ndi ofunika ngati enawo, amatipulumutsa ulendo wa ku wodi.

Chizolowezi chimenechi chidzakuthandizaninso sisitimu yanu ikadzasamukira ku ICD-11, imene mayiko anaivomereza mu 2019 ndipo inayamba mu January 2022. Kumeneko mwala wa mu impso ndi GB70.0, wa mu ureter GB70.1, wa m'chikhodzodzo GB71.0, ndipo kumanja ndi kumanzere zili ndi makhodi owonjezera. Fayilo yosatchula mbali idzakhala yosakwanira poyera.

Pofunsa, musamuikire dokotala yankho m'kamwa. Kunena kuti "Adokotala, mungolemba hydronephrosis kuti claim idutse" n'kumupempha kuti asayine zofuna za ofesi ya maakaunti. Muonetseni zimene zili m'fayilo, mufunse chimene iye akuona, yankho likhale lake ngakhale litakhala loti kutupako n'kochepa ndipo sakukuwerengera. Ndipo pokonza, amene analemba ndiye akonze: mzere umodzi pa mawu akale kuti aziwerengekabe, mawu atsopano pambali, tsiku, dzina ndi siginecha. Tipp-Ex asayandikire fayilo. Kalaliki sawonjezera liwu pa diagnosis, ngakhale adokotala anena pakamwa ali pa khomo la fiyeta kuti "mungolemberatu achimwene, ndisayina", dikirani atuluke. Mukatumizanso claim, phatikizani summary yokonzedwayo ndi lipoti la sikani, ndipo musinthe khodi malo onse atatu tsiku lomwelo: pa fomu, mu rejisita ya wodi ndi mu kompyuta. Ngati lipoti la mwezi umenewo linalowa kale mu DHIS2, sisitimu ya ziwerengero za zaumoyo, dziwitsani a HMIS kuti akonze chiwerengero cha mwezi umene wodwalayo anatuluka, osati mwezi umene mwakonza fayilo.